Jumping castle inauluka ndi mwera ku Senga Bay: thumba la gulu lilipire kapena ayi?

Mlembi wa ku Senga analemba:

Akuluakulu, moni nonse. Mundikhululukire ndilemba motalika, nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira pa 6 Julayi.

Ine ndine mlembi wa kagulu kathu kuno ku Senga Bay. Tilipo 17, tonse odyera pa chisangalalo cha anthu ena. Asanu tili ndi ma jumping castle, tinyumba topopa mpweya timene ana amadumphamo, bambo mmodzi ali ndi akatungwe achitsulo, awiri ndi a maboti okweza alendo kukazungulira Namalenje, anyamata atatu amabwereketsa machubu osambirira, ojambula zithunzi alipo awiri, mayi mmodzi amapenta ana kumaso, ndiye amayi atatu a tchipisi ndi mafirizesi. Tinayamba mu 2021 titapsa ndi corona. Mu 2020 boma litaletsa kusonkhana anthu oposa 100, gombe linangoti zii. Castle yanga ndinaipinda n'kuiponya pakona, pomadzaifunyulula makoswe anali ataiboola malo asanu ndi awiri. Ndiye tinagwirizana kuti tisadzavutikenso aliyense payekha. Timasonkha K3,000 pamwezi. Malamulo athu ali m'hadikava yakuda imene ndimasunga ineyo, masamba atatu okha: maliro a membala kapena a m'nyumba mwake, matenda ogonetsa m'chipatala, ndi kabwerekedwe ka jenereta ya gulu. Za ngozi ya kasitomala mulibe ngakhale mzere umodzi. Sitinaganizeko n'komwe.

Pa 6 Julayi mwera unadzuka nafe. Nyanja inali itayera ndi mafunde, mabwato a asodzi onse ali pamtunda, a maboti athu awiri aja anangomanga maboti n'kukhala pansi pa mtengo kumasewera bawo. Koma anthu anabwera, maminibasi odzaza kuchokera ku Lilongwe, ana mbwee. Mnzathu wina, dzina ndisunga, anayala castle yake pamchenga kufupi ndi madzi. Castle imeneyo ili ndi mphete zambiri zomangirira, koma iye anamanga m'makona anayi basi, ndi tizikhomo tatifupi totalika ngati chikhatho changa. Ndinamuuza m'mawa kuti achimwene, tizikhomo iti pamchenga sitigwira. Anandiseka, amvekere, “Mlembi, inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe.”

Cha m'ma 2 koloko kunabwera chimphepo chimodzi chokha. Ine ndinali pafupi, ndikukulunga waya. Ndinangoona mbali yoyang'ana kunyanja yadzuka ngati munthu akukweza mphasa, zikhomo ziwiri zili lende pazingwe, kenako castle yonse inagubuduzika kawiri, ana anayi ali momwemo. Chimene sichikundichoka m'maso ndi timapatapata ta anawo, tili ndondondo pamzere pomwe anativula, bulowa, makina opopera mpweya aja, ikulirabe yokha, ikupopera mchenga. Atatu anangosupuka. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kanathyoka mkono. Mlendo wina anatithandiza galimoto mpaka kuchipatala cha boma ku Salima, komwe anakaika chikhakha.

Tsopano bambo a mwanayo akufuna K400,000 ya mayendedwe ndi chipepeso, apo ayi nkhani ipita kupolisi. Mnzathuyo ndalamayo alibe, ndipo castle yake inang'ambika msoko wonse wa kumbuyo. Wabwera kugulu kuti timulipirire. M'thumba muli K520,000. Iye ali ndi miyezi isanu osasonkha.

Kuti mumvetse pamene ndapanikizika: munthu yemweyu ndi amene anatisonkhanitsa poyamba, ndipo bambo anga atamwalira anagona kumaliro masiku atatu, jenereta yake ikuwalitsa pasiwa, mafuta ogula yekha. Koma ndinenso amene ndinamuchenjeza m'mawa uja, iye n'kundiseka.

Msonkhano uli Lamulungu likudzali. A ku Nkhotakota, a ku Mangochi, a ku Chipoka, zoterezi mumazitani? Gulu limalowererapo? Nanga lamulo lake mungalilembe bwanji kuti mawa tisadzakanganenso?

Madala a Katungwe KK anayankha:

A Mlembi, pepani ndi zimene munaonazo. Mwanayo Mulungu amuchize.

Ine akatungwe ndinayamba kuzungulira nawo inu mwina muli kupulaimale. Pa Eid ndimakhala pa boma pano, kumapeto a mwezi ndimanyamula zitsulo zanga kupita ku Dwangwa anthu a kumizimbe akalandira, pa Khirisimasi ndimatsikira kugombe. Ndiye ndikuuzeni chinthu chimodzi. Mwera subwera mozemba ngati mbala. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti aliyense wobadwira kunyanja amaudziwa, a zanyengo amalengezanso pawailesi. Msodzi amene anabadwira m'bwato akakana kulowa m'madzi, iwe wa chinsalu chodzaza mpweya ndiwe ndani? Mnzanuyo analakwa, ndipo Lamulungu mumuuze pamaso pa onse, osamunyengerera.

Koma ndalamayo perekani. Musandimve molakwa, sindikuti mumupatse iyeyo. Mutume anthu atatu, wapampando, inuyo ndi mayi mmodzi, mukwere basi mukamuone mwanayo kwawo, mutanyamula kenakake m'manja. Bambo amene akutchula polisi nthawi zambiri chimene chamupweteka si ndalama, koma kuti mwana wake wavulala ndiye palibe amene wabwera kudzagwada. Mukakhala pansi pakhonde pake, mtengo umene akutchula pafoniwo umatsika wokha. Ine zinandichitikirapo kalekale, tcheni cha katungwe chinaduka mnyamata n'kugulula mano awiri. Ndinapita ndi nkhuku ndi thumba la mpunga, lero mnyamatayo amabwera ndi ana ake kudzakwera katungwe yemweyo, tcheni chokha ndicho ndinasintha.

Chifukwa china ndi ichi. Mayi wa ku Lilongwe akamakafotokoza kwa anzake sanena kuti castle ya uje inauluka. Amati ku Senga Bay ma castle amauluka ndi ana. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Pa 15 Okutobala pa tsiku la anakubala mudzaona amayi akugwira ana awo padzanja podutsa pa castle yanu, inu amene munamanga zingwe zonse.

Ndiye mulembe kuti ndi ngongole, abweze pang'onopang'ono, asaine pamaso pa mboni. Koma kaye kaoneni mwana.

Nachisale wa pa Kamuzu Road anayankha:

Madala mwalankhula bwino zokaona mwana, pamenepo palibe angatsutse. Koma pa ndalama ndisiyana nanu, ndipo a Mlembi mundimvetsere chifukwa ine ndasunga bokosi la banki m'khonde zaka zisanu ndi chimodzi.

Werengani bwino anthu 17 aja. Mayi wa tchipisi amasonkha K3,000 yomweyo imene amasonkha mwini castle. Mayi ameneyo amayima pachiwaya kuyambira m'mawa, utsi uli m'maso, mafuta ophikira akwera, mbatata yakwera, chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe chimene chinatsikapo. Anasonkha ndalama yake podziwa kuti tsiku lina akadzaferedwa gulu lidzamugulira bokosi. Lero mukamuuze kuti K400,000 mwa K520,000 yapita kukalipira mlandu wa bambo amene anachenjezedwa n'kuseka, yemwenso miyezi isanu sanasonkhe? Mawa m'nyumba mwa mayiyo mukagwa maliro mudzamupatsa chiyani, hadikava?

Ndipo ndikufunseni. Mwana akanagwera m'chiwaya cha mafuta otentha cha mayi ameneyo, abambo a ma castle mukanavomera kuti thumba lilipire? Yankhani mumtima.

Ngongole ya mnzako wa pamtima ndiyo imapha magulu, ine ndaona ndi maso. Aliyense amachita manyazi kukaitchula. Mwezi woyamba amabweza, wachiwiri amati bizinesi sinayende, wachitatu wasiya kubwera kumisonkhano, ndiye ena nawonso amati nanga ife tikusonkheranji. Zoti anagona kumaliro a bambo anu ndi ngongole yanu inuyo a Mlembi, si ya gulu. Ngati mtima ukukupwetekani, tulutsani za m'thumba mwanu mumuthandize, Mulungu akudalitsani.

Mukaumirira kumubwereka, ayambe walipira K15,000 ya miyezi isanu ija, asiye chikole chooneka ndi maso, ndipo ndalama isapitirire theka la thumba. Kenako anthu a makina, a ma castle, akatungwe ndi maboti, mutsegule thumba lanulanu la ngozi, muzisonkha padera. Ngozi zanu ndi zazikulu, phindu lanunso ndi lalikulu. Musamabisale kumbuyo kwa mafirizesi.

Wa ku Khombedza ali ku Leeds anayankha:

Achimwene a Mlembi, nkhani yanu yandigwira chifukwa kuno ndimagwira ganyu Loweruka kwa banja lina loyendayenda ndi makina osangalatsa ana m'mabwalo. Za ndalama ndiwasiyira Madala ndi mayi Nachisale. Ine ndingothandizako pa lamulo limene mukufuna kulemba.

Kuno anthu a ntchito imeneyi ali ndi bungwe lawo lakale kwambiri, Showmen's Guild of Great Britain, linayamba mu 1889. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mphamvu ya bungwelo si thumba la maliro ayi. Ndi malo. Membala amene wayima pamalo ena pa chionetsero zaka ziwiri zotsatizana, malowo amakhala ngati ake, mnzake sangabwere kudzamulanda. Ndiye munthu amaopa kuswa malamulo chifukwa akachotsedwa m'bungwe wataya poyima. Inu kwanuko munthu akakana kumanga zingwe amataya chiyani? Ngati palibe, lamulo lanu lidzangokhala inki m'hadikava.

Za ma castle, malangizo a kuno ndi omveka. Mphepo ikapitirira makilomita 38 pa ola, castle siipopedwa, ndipo ngati ili kale mmwamba ana amatulutsidwa n'kuiphwetsa. Liwiro limenelo ndi pamene timitengo tating'ono ta masamba tayamba kugwedezeka thunthu lonse. Mwera woti nyanja yayera wapitirira pamenepo kalekale. Abwana anga ali ndi kachipangizo ka m'manja koyezera mphepo, kokhala ndi kafani kakang'ono, ndipo amalemba m'buku nthawi ndi nthawi. Castle iliyonse imayenera kukhala ndi pomangirira posachepera 6, ndipo mphete zonse zimene opanga anaika zimangidwe, osati m'makona mokha. Chikhomo chikhale chachitsulo, chotalika masentimita 38 kapena kuposa, chonenepa mamilimita 16, mutu wake wopinda kuti mwana asadzicheke. Pamene chikhomo sichingagwire amaika cholemera cha makilogalamu 163 pa mphete iliyonse. Pamchenga wa ku Senga Bay chikhomo ngakhale chitatalika chimazuka ngati chinangwa, ndiye inu nkhani yanu ndi ya zolemerazo.

Malamulowa sanangowalota. Mu 2016 ku Harlow, kuno ku England, castle inauluka ndi mtsikana wa zaka 7 ndipo anamwalira. Anthu awiri amene ankaiyendetsa, mwamuna ndi mkazi wake, khoti linawapatsa zaka zitatu aliyense mu 2018. Mu Disembala 2021 ku Devonport, pachilumba cha Tasmania ku Australia, mphepo inanyamula castle pasukulu ya pulaimale tsiku lotsekera, ana 6 anamwalira. Nditawerenga za timapatapata tija ndinazizidwa, chifukwa mnzanuyo anapulumuka pang'ono kwambiri. Mkono umalumikizika.

Kunonso suyima pabwalo lililonse wopanda pepala la inshulansi yolipira munthu wovulala, ndipo castle imayesedwa chaka ndi chaka. Mwina mufunse makampani a inshulansi kumudziko ngati angakutengeni monga gulu.

DJ wa ku Chipoka anayankha:

Biggie wa ku Leeds, ulemu wanu, koma tsikani kaye ndege. Makilogalamu 163 kuchulukitsa ka 6 ndi pafupifupi tani imodzi. Ine castle yanga ndimanyamula pa kabaza wa njinga yamoto, bulowa ili pamiyendo. Tani ndiyikweza pati?

Ndipo anthu akumuweruza mnzathuyu ngati chitsiru, pamene aliyense wa ife akudziwa chimene chinali m'mutu mwake. Masiku athu a ndalama pachaka ungawawerenge ndi zala: Khirisimasi, Nyuwere, Isitala, 6 Julayi, tsiku la anakubala, ma Eid awiri, ndiye mwina sukulu ina ikakuitana pa tsiku lotsekera. Pakati ponsepo ukungodikira phwando la tsiku lobadwa la mwana wa bwana wina. Ndiye 6 Julayi imagwera pakati penipeni pa mwera chaka chilichonse. Wagula petulo wa jenereta, walipira malo, ana aima pamzere ndi ndalama m'manja, iwe uziti pepani kuli mphepo? Kenako woyandikana nawe wapopa yake, ana onse athamangira komweko. Ndi chifukwa chake lamulo la munthu payekha siligwira. Mukafuna, likhale loti kukaipa tonse tiphwetse nthawi imodzi, wina asadyerepo.

Pamene ndikugwirizana ndi biggie ndi pa mapepala. Zikondwerero zikuluzikulu zimabwera m'dera lathu lomwe lino. Sand Music Festival yachitikira ku Senga Bay kangapo, Lake of Stars inali ku Salima mu 2018, mu 2024 inali ku Nkhotakota. Ife eni dera timathera kunja kwa geti, chifukwa ukapita wekha kukapempha malo ulibe chikalata chilichonse chosonyeza kuti ndiwe ndani. Gulu lolembetsedwa, lokhala ndi akaunti kubanki ndi chidindo, limalankhula mosiyana. Zaka zonsezi mukusunga hafu miliyoni m'bokosi m'nyumba mwa munthu, a Mlembi?

Za kulipira, mubwerekeni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Madala a Katungwe KK anayankhanso:

Mwana wanga wa ku Chipoka, tani imene ukuiopayo waiponda ndi mapazi. Pagombe mchenga amagulitsa ndani? Chimene unganyamule pa kabaza ndi matumba opanda kanthu a feteleza ndi fosholo imodzi. Matumba anayi pa mphete iliyonse, kudzaza, kumanga pakamwa, madzulo kukhuthula. Ulesi wokha basi.

Mlembi wa ku Senga anabweranso:

Zikomo nonse, ndabwera kudzapereka lipoti poti munanditayira nthawi yanu.

Loweruka tinapita ku Lilongwe anthu atatu monga ananenera Madala, titanyamula chambo chowamba ndi mpunga. Mwanayo tinamupeza akusewera pakhonde, chikhakha chonse anzake atachilembalemba ndi bolopeni. Bambo ake poyamba sanafune n'kutiyang'ana komwe, anatisiya tili chiimire kanthawi ndithu. Amene anatipatsa mipando ndi agogo ake a mwanayo. Titakambirana anatsika kufika pa K250,000, koma anati akufuna mwini castle abwere yekha adzapepese ndi pakamwa pake. Pamenepo sitinatsutse.

Msonkhano wa Lamulungu unatenga maola anayi. Ndinawerenga mayankho anu onse mokweza, osadumpha. Pofika pa funso la mayi Nachisale la chiwaya lija panali chete, abambo onse maso pansi, kenako mayi wina wa tchipisi anaombera m'manja yekhayekha. Mnzathu uja anayamba ndi kudziteteza, akuti mphepo ndi ya Mulungu. Amene anamudula ndi bambo wa boti, amvekere, “Ifenso tinali ndi alendo ofuna kupita ku Namalenje tsiku lomwelo, ndalama ili m'manja, tinawabweza. Ife ndiye opusa?” Atatero mnzathu uja anakhala pansi, ndipo patapita nthawi anapepesa.

Tinavota. Anthu 11 anavomera ngongole ya K250,000, anayi anakana, mmodzi sanabwere, mwini nkhani sanavote. Walipira kaye K15,000 ya miyezi isanu ija, ndalama yake ndinamubwereka ineyo pambali, mayi Nachisale musandiseke. Pa chikole panavuta. Ena amafuna bulowa, koma munthu wopanda bulowa abweza ndi chiyani? Ndiye wasiya masipika ake awiri kwa msungichuma, ndipo azibweza K25,000 pamwezi kuyambira Okutobala. Amayi awiri mwa anayi okana aja anena kuti Disembala ikadzafika asanabweze kawiri konse, iwo adzatenga zawo n'kutuluka. Ndazilemba momwemo.

M'hadikava mwalowa tsamba lachinayi. A makina tizisonkha K2,000 yapadera pamwezi ya thumba la ngozi, amayi a zakudya, ojambula ndi wopenta ayi. Mphete zonse zimangidwe, pamchenga ndi matumba. Ndipo zoti lero kuli mphepo sanena ndi mwini castle, anena ndi a maboti: iwo akamanga maboti, wapampando aimba wezulo, tonse tiphwetsa. Wokana sagwiritsanso jenereta ya gulu, ndipo malo ake a pa Khirisimasi tigawira wina. Mnyamata wina wa machubu anafunsa kuti nanga machubu pa mwera bwanji, tinangoyang'anizana, chifukwa zoonadi mwana pachubu mafunde atakula ndi nkhani inanso. Taisiyira msonkhano wa mwezi wamawa pamodzi ndi zolembetsa gulu, pakuti pamenepo ena akufuna kopaletivu, ena akuti tikhale bungwe wamba, ndipo nthawi inali itatha.

Panopa chimene ndikusowa ndi matumba. Ma castle asanu, ina ili ndi mphete 8, ina 10, tikufunika matumba oposa 150 tsiku la anakubala lisanafike. Amene akudziwa kopeza matumba a feteleza osabooka pamtengo wabwino, kaya pa Kamuzu Road kaya ku Khombedza, andiuze. A ku Leeds, kachipangizo ka mphepo kaja kamagulidwa zingati kumeneko, ndipo mubwera liti kumudzi?